Kugwetsa mpira m'dzenje: kukonza putt yanu ndi kusankha putter yokuyenerani

Aliyense woyamba kumene gofu mtima wake umakhala pa driver, ndodo yomenyera mpira kutali. Mpira ukalira bwino n'kuuluka kudutsa mitengo, anzako n'kuomba m'manja, umamva kuti lero ndasewera. Koma pa khadi lolembapo zigoli mulibe malo a kukongola kwa kamenyedwe. Mpira womenyedwa mamita 200 ndi mpira wokankhidwa chikhatho chimodzi, yonse imalembedwa kamodzi kamodzi. Pa bwalo la maenje 18 la par 72, pomwe katswiri amayembekezeka kumaliza atamenya ka 72, oyeza bwalo amawerengera ma putt awiri (kukankhira mpira ku dzenje mougubuduza) pa dzenje lililonse, kutanthauza kuti 36 mwa 72 ndi ntchito ya putter, ndodo imodzi yokha mwa ndodo 14 zimene malamulo amalola m'chikwama. Kwathu kuno ku Mangochi, pa bwalo la Mlambe ku Makokola lomwe lili ndi maenje 9, ndiye kuti ma putt 18. Ndakhala ndikuona anthu akufika pa green, malo a udzu wometedwa bwino ozungulira dzenje, ndi kumenya kumodzi kapena kuwiri, kenako n'kutaya zonse pomwepo ndi ma putt atatu kapena anayi, dzenje likuwayang'ana. Zimandipweteka kuona, chifukwa mbali imeneyi ya gofu siifuna mphamvu, siifuna unyamata, ndipo siifuna ndalama zambiri.

Chimene ndikufuna mugwire ndi ichi: amene amadziwa kuyeza mphamvu yokankhira mpira ndiye amachepetsa zigoli. Kulunjika kumabwera pambuyo, ndipo putter yodula imabwera pambuyo penipeni.

Yambani ndi kuwerenga

Musanasinthe kanthu, sewerani maulendo atatu mukulemba ma putt a pa dzenje lililonse m'munsi mwa khadi. Pamene mwachita ma putt atatu ikani kachizindikiro, ndipo lembani chifukwa chake m'mawu amodzi: wafupika, wapitirira, kapena mwaphonya wapafupi. Ambiri akachita izi amadabwa. Amaganiza kuti vuto lawo ndi kuphonya kumanzere kapena kumanja, koma khadi limawauza kuti putt yoyamba imaima mamita awiri dzenje lisanafike, kapena imalidutsa ndi mamita awiri, ndiye yachiwiriyo imakhala yolemetsa kale.

Kaimidwe ndi kagwiridwe

Imani mapazi atatalikirana ngati mulifupi mwa mapewa anu. Weramani kuchokera m'chiuno, msana usapindike ngati wa munthu wosenza thumba la chimanga, ndipo manja alendewere okha pansi pa mapewa. Mpira ukhale patsogolo pang'ono pa pakati pa mapazi, cha kumbali ya dzenje, kuti putter iukhudze itangoyamba kukwera. Mpira wokhudzidwa choncho umagubuduka msanga m'malo modumphadumpha.

Maso akhale pamwamba pa mpira kapena mkati mwake pang'ono. Kuyesa kwake n'kosavuta: imani monga mukufuna kumenya, tengani mpira wina, uikeni pakati pa maso anu pamwamba pa mphuno, n'kuusiya ugwe. Ukagwera pa mpira wapansiwo kapena pafupi nawo cha kumbali ya mapazi anu, mwaima bwino. Ukagwera kutsidya, mwaweramira mopitirira ndipo mzere muuona mokhota.

Kagwiridwe kofala, kwa munthu wamanja, n'koti dzanja lamanzere likhale pamwamba, lamanja pansi, zala zazikulu zonse ziwiri zitagona pa mbali yafulati ya chogwirira, ndipo chala cholozera cha kumanzere chitagona pamwamba pa zala za kumanja. Ena amatembenuza, lamanzere n'kukhala pansi, monga amachitira katswiri wa ku America Jordan Spieth. Enanso dzanja lamanja amagwira nalo ngati agwira cholembera. Zonsezi n'zololedwa, ndipo cholinga chake n'chimodzi, kuti mfundo za manja zisamagwedezeke. Gwirani ngati mwagwira mwanapiye: asathawe, komanso musamufinye. Mukaona misempha ya m'manja yatuluka, mwagwira molimba kwambiri ndipo mphamvu simungaimve.

Chimene chimayendetsa putter ndi mapewa. Manja, mikono ndi ndodo ziyende pamodzi ngati chinthu chimodzi. Miyendo ikhale phee, chiuno phee. Ndipo mutu. Apa ndi pamene ambiri amagwera, chifukwa mtima umafuna kuona ngati mpira walowa. Mukadzutsa mutu msanga, phewa limatseguka ndipo nkhope ya putter imatembenuka mpira usanachoke. Pa putt yapafupi, yang'anani udzu umene mpira unali mpaka mutawerenga kawiri, ndipo dzenje mulimve ndi khutu.

Mphamvu

Mtunda umene mpira uyende uzichokera ku kutalika kwa kubweza ndodo m'mbuyo. Putt yaifupi, bwezani pang'ono. Yaitali, bwezani kwambiri. Koma kugunda kwake kukhale kumodzimodzi, ngati kwa amayi awiri osinja mumtondo umodzi: kubwerera, kupita, kubwerera, kupita. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kubweza ndodo patali kenako n'kuchita mantha, n'kuchepetsa liwiro pofika pa mpira. Enanso amabweza pang'ono kwambiri n'kuubaya mpira ndi manja. Onse awiriwa sangadziwe pamene mpira ukaime.

Nayi ntchito yoyamba, ndipo ngati muli ndi mphindi 20 zokha zoyeserera, 10 zipite apa. Tengani mipira itatu, musayang'ane dzenje lililonse. Bwezani putter kufika pa chala chachikulu cha phazi lakumbuyo, menyani itatu yonse ndi kugunda kofanana, ndipo muwerenge masitepe kufika pamene yaima. Mwina mupeza masitepe anayi. Kenako bwezani kufika kunja kwa phazi, muwerengenso. Kenako chikhatho chimodzi kupitirira phazi. Mwapeza miyeso itatu yanuyanu ya tsiku limenelo. Mukalowa m'bwalo n'kuyeza kuti mpira wanu uli masitepe asanu ndi awiri kuchokera pa dzenje, simukulotanso, muli ndi poyambira. Ndikuti ya tsiku limenelo chifukwa green imasintha. Ku mabwalo aakulu liwiro la green amaliyeza ndi kachipangizo kotchedwa Stimpmeter, komwe anakapanga Edward Stimpson m'ma 1930: amagubuduza mpira kuchokera pa kangalande kachitsulo n'kuyeza mtunda umene wayenda. Inu Stimpmeter yanu ndi mapazi anuwo ndi mipira itatuyo musanayambe kusewera.

Ntchito yachiwiri ndi ya makwerero. Zikani ma tee, timitengo toikapo mpira, pa masitepe atatu, asanu ndi limodzi, asanu ndi anayi, ndi khumi ndi awiri. Menyani mpira umodzi ku tee iliyonse, kuyambira yapafupi kupita kutali, kenako kubwerera, kenako mosakaniza. Musamenye kawiri motsatizana ku tee imodzi, chifukwa m'bwalo mulibe mwayi wachiwiri. Cholinga n'choti mpira uliwonse uime pamtunda wosapitirira kutalika kwa putter yanu kuchokera pa tee.

Pamene mukuyeserera mkono musanamenye, maso akhale pa dzenje, osati pansi. Mnyamata akamaponya mwala pa bango la pamwamba sayang'ana dzanja lake, amayang'ana bangolo, ndipo thupi limadziwa lokha mphamvu yofunika. Putt ndi chimodzimodzi. Yesezani kawiri mukuyang'ana dzenje, imani pa mpira, yang'ananinso kamodzi, menyani chithunzicho chisanazilale m'maso. Mukaima nthawi yaitali pa mpira, chithunzi chimachoka ndipo mantha amalowa m'malo mwake.

Nanga mpira uzikaima pati ukaphonya? Mphunzitsi wina wa ku America, Dave Pelz, yemwe poyamba ankagwira ntchito ku NASA, ankaphunzitsa kuti mpira uzikhala ndi liwiro loti ukaphonya upitirire dzenje ndi mainchesi 17, omwe ndi pafupifupi masentimita 43. Maganizo ake ndi omveka: pafupi ndi dzenje pamapondedwa ndi anthu tsiku lonse, ndipo mpira wofooka umapatutsidwa ndi timabampu ta pamenepo. Ine ndimati pa putt ya mamita atatu kapena kucheperapo, tsatirani zimenezo, mpira uzifika. Koma pa putt ya mamita 10, iwalani zogwetsa. Jambulani m'maganizo lichero lalikulu lozungulira dzenje, ndipo ntchito yanu ikhale kuimitsa mpira m'licheromo. Ngakhale akatswiri a PGA Tour, mipikisano ikuluikulu ya gofu ku America, pa mtunda wa mamita awiri ndi theka amagwetsa pafupifupi theka lokha la ma putt awo. Ndiye inu mukaphonya ya mamita asanu palibe chodandaula. Chodandaula ndi kusiya yachiwiri ili kutali.

Kuwerenga green ya kunyanja

Kuwerenga kumayamba musanafike pa green. Mukuyenda chapatali, onani mbali yokwera ndi yotsika, ndipo dzifunseni kuti mvula itagwa tsopano madzi angalowere kuti. Mpira umatsata njira ya madzi. Mukafika, gwadani kumbuyo kwa mpira muone mzere, kenako yendani kumbali yotsika, pakati pa mpira ndi dzenje, muone ngati mukukwera kapena mukutsika. Mapazi amamva kupendekeka kumene maso saona, choncho yendani mwachidwi. Gawo lomaliza la ulendo wa mpira ndi limene limakhota kwambiri, popeza mpira umakhala utatopa.

Osewera wamba pafupifupi onse amachepetsa kukhota. Akaona kuti mpira ukhota chikhatho chimodzi, nthawi zambiri umakhota ziwiri. Mpira wodutsa kumunsi kwa dzenje ulibenso mwayi, ukungothawa. Wodutsa kumtunda umakhala ukubwera ku dzenje mpaka kumapeto. Ndiye mukakayika, onjezerani. Sankhani kachizindikiro kapafupi, tsamba louma kapena kadontho ka udzu wofiirira kamene kali chikhatho chimodzi kapena ziwiri patsogolo pa mpira, ndipo mpira udutse pamenepo.

M'madera otentha ngati athu ano udzu wa m'mabwalo umakhala wa mtundu wa kapinga, ndipo kapinga samera choimirira, amagona cha mbali imodzi. Izi zimakoka mpira. Mukayang'ana ku dzenje n'kuona udzu ukuwala motuwa, wagona chokuthawani, ndipo mpira uthamanga. Mukaona wobiriwira moderapo, wagona chokuyang'anani, ndipo muyenera kuwonjezera mphamvu. Onaninso mlomo wa dzenje: mbali imene yaphwanyika kapena kuuma ndi kumene udzu ukulowera. Putt yodutsa chopingasa udzuwo imakokedwa kumene udzu wagonera, ngakhale pamalo pooneka pafulati.

Nyengo nayo ili ndi mawu ake. M'mawa mame asanaume mpira umayenda mwaulesi ndipo sukhota kwambiri. Dzuwa la Okutobala likawomba, green youma imathamanga, ndipo miyeso yanu ya m'mawa imakhala itatha ntchito pofika masana. M'miyezi yozizira mwera ukamaomba, mphepo imakankha mpira woyenda pang'onopang'ono, makamaka wotsetsereka, komanso imagwedeza inuyo. Tambasulani miyendo pang'ono, weramani kwambiri, gwirani ndodo cha m'munsi. Ndipo popeza kuno mchenga suchoka, pukutani mpira ndi nkhope ya putter nthawi zonse musanamenye. Kamchenga kamodzi pakati pa ziwirizi n'kokwanira kupatutsa putt ya mita imodzi.

Ngati muli ndi caddie, wokunyamulirani chikwama cha ndodo, mufunseni. Anyamata amene amayenda pa bwalo limodzi tsiku ndi tsiku amadziwa kukhota kumene mlendo sangakuone. Safunsa anadya phula. Koma funsani mutawerenga kale nokha, kuti muyerekeze ndi zimene iye waona, apo ayi simudzaphunzira.

Ma putt apafupi

Dzenje ndi lotambalala mamilimita 108, mpira ndi pafupifupi mamilimita 43. Malo alipo okwanira mipira iwiri ndi theka. Pa mita imodzi chimene chimaphonyetsa ndi nkhope ya putter yosayang'ana kumene mukufuna, chifukwa mpira umanyamuka molunjika kumene nkhopeyo yaloza pa nthawi yokhudzana.

Zikani ma tee awiri, ina kunsonga ina kuchidendene kwa mutu wa putter, kusiya kampata kochepa mbali zonse, kuti pakhale ngati chipata. Menyani mipira kuchokera pa mita imodzi ndi theka, putter ikudutsa pachipatapo osakhudza tee. Tiger Woods amadziwika ndi kuyeserera kotereku. Mukazolowera, zungulizani mipira isanu ndi umodzi mozungulira dzenje la pamalo opendekeka, uliwonse pa mita imodzi, ndipo mugwetse yonse motsatizana. Mukaphonya umodzi, yambiraninso. Mpira wachisanu ndi chimodzi umabweretsa kugunda kwa mtima kofanana ndi kwa pa mpikisano, ndipo ndi kugunda kumeneko kumene mukufuna kuzolowera.

Kwa amene ali ku boma kapena ku Monkey Bay ndipo sangafike ku bwalo kawirikawiri, izi zimatheka kunyumba. Simenti imathamanga kwambiri, ndiye yalani kapeti yakale kapena bulangete lolimba. Gulani rula yachitsulo ya mita imodzi ku sitolo ya zipangizo zomangira, ikani mpira kumapeto kwake, ndipo muugubuduze pamwamba pa rulayo mpaka kutsidya osagwera kumbali. Poyamba udzagwa pakati. Mphindi 10 madzulo aliwonse kwa mwezi umodzi, mudzaona kusintha pa green.

Tsopano putter

Ndaiika kumapeto dala. Putter yabwino ndi imene ikugwirizana ndi msinkhu wanu, maso anu ndi kayendedwe ka mikono yanu, ndipo zimenezi simungazidziwe musanakhazikitse kaimidwe.

Choyamba ndi kutalika. Ma putter ambiri ogulitsidwa ndi a mainchesi 33, 34 kapena 35. Anthu ambiri amasewera ndi yaitali kuposa msinkhu wawo, ndiye amaima chowongoka, zigongono zitapindika, nsonga ya putter itadzuka m'mwamba. Imani monga ndafotokozera, manja alendewere, ndipo wina ayeze kuchokera pansi kufika pamwamba pa chikhatho chanu chapamwamba. Kumeneko ndiye kutalika kwanu. Mukaika putter pansi, mimba yake igone yonse, nsonga isadzuke, chidendene chisadzuke. Yaitali ingathe kudulidwa n'kuikidwa chogwirira china, koma mukadula kwambiri mutu umamveka wopepuka m'manja.

Chachiwiri ndi mutu. Pali mitundu iwiri ikuluikulu. Blade ndi yopyapyala, ndipo yambiri imatengera Ping Anser imene Karsten Solheim anapanga mu 1966. Iye anachotsa chitsulo pakati n'kuchipititsa kunsonga ndi kuchidendene kuti mutu usamapotoke mpira ukakhudzidwa pambali. Mallet ndi yaikulu, yotambalala kumbuyo, monga Odyssey 2-Ball kapena TaylorMade Spider. Imakhululuka kwambiri mukaphonya pakati, ndipo mizere yake yaitali imathandiza kulunjika. Kwa woyamba kumene, ndi kwa aliyense wosapeza nthawi yambiri yoyeserera, ine ndimalangiza mallet. Amene ali ndi manja omva bwino mphamvu nthawi zambiri amakonda blade.

Chachitatu, chimene ambiri sachidziwa, ndi momwe mutu umalendewerera. Goneketsani ndodo pa chala chimodzi pamalo pamene ikukhazikika, ndipo muone nkhope yake. Ikayang'ana kumwamba ndendende, putter imeneyo ndi ya munthu amene ndodo yake imapita m'mbuyo ndi kutsogolo mowongoka. Nsonga ikalendewera pansi, ndi ya munthu amene ndodo yake imayenda mokhota ngati chitseko, kutseguka pobwerera ndi kutsekeka popita. Kuti mudziwe gulu lanu, goneketsani ndodo ziwiri pansi ngati njanji, menyani pakati pake, ndipo mnzanu akujambuleni ndi foni ali kumbuyo. Amene amaphonyera kumanzere kawirikawiri, ngati ndi wamanja, ayese yolendewera nsonga. Amene amaphonyera kumanja ayese yoyang'ana kumwamba.

Nkhope ya putter siimirira ndendende, imapendekeka madigiri awiri mpaka anayi kuti inyamule mpira pang'ono kuchoka m'kadzenje kamene wakhalamo pa udzu. Pa green ya kapinga yoyenda pang'onopang'ono, madigiri atatu kapena anayi amathandiza. Za kulemera, mitu yambiri ya masiku ano ili cha m'ma magalamu 350. Chogwirira chonenepa chimakhazika manja onjenjemera, chowonda chimapereka kumva kwambiri. Putter ndi ndodo yokhayo imene malamulo amalola kuti chogwirira chake chikhale ndi mbali yafulati, ndiye onetsetsani kuti mbaliyo inaikidwa molunjika ndi nkhope.

Kupeza putter kuno si kophweka. Ambiri timagula yogwiritsidwa kale ntchito kwa osewera anzathu, kwa a ku Blantyre, Limbe kapena Lilongwe, kapena timatuma wachibale wochokera ku Joni. Palibe cholakwika, putter siikalamba msanga ngati driver. Koma yang'anani ndodo yake mwa kuiloza kumwamba ngati mfuti kuti muone ngati siinapindike, gwedezani mumve ngati mutu suli khwekhwe, ndipo onani ngati nkhope ilibe mabala akuya. Chogwirira chotha chimasinthidwa, chisakuopseni. Mayina odula ngati Scotty Cameron ali ndi zachinyengo zambiri pamsika, ndiye mtengo ukatsika modabwitsa, kayikani. Potuma munthu ku Joni, musamuuze kuti akagule putter yabwino. Muuzeni kutalika kwake, mtundu wa mutu, ndi momwe uzilendewerera, mutayesa kale za anzanu pa green. Poyesapo, tengani ma putter awiri kapena atatu, iliyonse imenye mipira 10 pa mita imodzi ndi theka ndi ina 10 pa mamita 10, ndipo mulembe zotsatira. Sankhani imene yaimitsa mipira yaitali pafupi. Mukasankha, khalani nayo chaka chathunthu. Kusinthasintha putter mukangosewera moipa kumafafaniza miyeso yonse imene manja anaphunzira.

Ngati mwapeza putter yaitali ija yofika pamimba kapena pachifuwa, ndi yololedwa, koma kuyambira pa 1 Januwale 2016 mabungwe oyang'anira malamulo a gofu, R&A ndi USGA, analetsa kuitsamiritsa pa thupi pomenya. Iyende momasuka m'manja.

Pa green pali anzanu

Mpira ukafika pa green, ikani kandalama kachitsulo kumbuyo kwake musanaunyamule, upukuteni, ndipo muubwezere pamalo omwewo. Ambiri amajambula mzere pa mpira n'kuulozetsa kumene akufuna kuti unyamukire, zomwe n'zololedwa. Kuyambira 2019 mungathe kumenya mbendera ili m'dzenje popanda chilango, ndiponso mungathe kukonza mabala a nsapato amene ali pa mzere wanu, kuwonjezera pa mabala a mpira omwe ankaloledwa kale. Kuyambira chaka chomwecho caddie saloledwa kuima dala kumbuyo kwanu pa mzere mukayamba kukonzekera kumenya. Mpira ukaima pa mlomo wa dzenje, yendani kukafika pamenepo mosazengereza, ndipo muli ndi masekondi 10 oudikira kuti ugwe. Musaponde mzere wa mnzanu, chithunzithunzi chanu chisagwere pa dzenje lake, ndipo iye akaima pa mpira, inu khalani chete. Werengani putt yanu pamene ena akumenya, kuti nthawi yanu ikakwana mukhale mutasankha kale kachizindikiro kanu ndi kutalika kwa kubweza ndodo.